Gofu, mpira, ntchemberembaye kapena kuthamanga: thupi lanu lingapirire chiti?

Mu Blantyre muno anthu ambiri sawerengera gofu m'gulu la masewero. Amati n'kokapitidwa mphepo kwa mabwana, kokapangana za bizinesi uku mnyamata wina atasenza chikwama pambuyo. Munthu akaona madoda a zipewa akuyenda mwachifatse pa kapinga wa ku Blantyre Sports Club kapena ku Country Club ku Limbe, sangaganize kuti wina mwa iwo m'mawa womwewo wavala sokosi movutikira chifukwa msana ukukana kuwerama. Koma gofu amavulaza ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti mpira umakuvulaza anthu akuona, tsiku ndi mphindi yake n'kudziwika, pomwe gofu amakudya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kungopezeka kuti chigongono chikubaya ponyamula ketulo.

Ndikulembera makamaka inu amene mwadutsa zaka 35 kapena 40, amene adokotala akuuzani kuti BP yayamba kukwera, shuga ali pamalire, mimba yatsogola, ndiye muyambe kulimbitsa thupi. Ambiri amafunsa kuti masewero abwino ndi ati. Ine ndimaona kuti mafunso othandiza ndi ena: thupi langali lili kale ndi pofooka pati, ndipo nditavulala, ntchito yomwe ndimadyera ingaime nthawi yaitali bwanji? Dalaivala, mphunzitsi woima tsiku lonse, mayi wa geni woyenda ku msika wa Limbe m'mawa uliwonse ndi munthu wa muofesi sangapirire kuvulala kofanana. Masewero aliwonse ali ndi chiwalo chake chomwe amakonda kugwira, ndipo ndi bwino kuchidziwiratu musanagule nsapato.

Ubwino wa gofu uli m'miyendo

Munthu wozungulira wapansi maenje onse 18 a masewero athunthu a gofu amayenda makilomita pakati pa 7 ndi 10, malinga ndi kutalika kwa bwalo komanso kuti kampira kake kakusochera kangati, ndipo amatha maola 4 kapena kuposerapo ali panja. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, choncho wosewera wapansi kamodzi pa sabata amakhala atakwanitsa gawo lalikulu la zimenezi. Mtima umagunda mofulumirirapo koma osafika pobanika, maondo salandira mphamvu ya kudumpha, ndipo palibe wokutchera mwendo. N'chifukwa chake mumaona agogo a zaka 70 akusewerabe.

Ku Sweden, akatswiri a ku Karolinska Institutet anafufuza anthu pafupifupi 300,000 osewera gofu, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2008 zinaonetsa kuti imfa pakati pawo zinali zochepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo. Anthu a gofu amaikonda kwambiri nambala imeneyi, koma tiyitenge mosamala, chifukwa munthu wotha kuyenda maola 4 amakhala wathanzi kale, wodwalika sapita ku bwalo. Chomwe ndikutolapo ine n'chakuti phindu lili pa kuyendako. Amene amakwera kagalimoto kuchoka pa dzenje lina kupita pa lina wataya gawo lalikulu la phindu, n'kutsala ndi gawo lovulaza lokha.

Pomwe gofu amagwira

Gawo lovulazalo ndi kamenyedwe ka mpira. Taonani zomwe thupi limachita. Mapazi akhazikika pansi, munthu wawerama pang'ono, chiuno chatembenuka pang'ono koma mapewa atembenuka kwambiri. Kenaka zonsezi zimabwerera mwamphamvu pa nthawi yosakwana theka la sekondi. Kwa akatswiri, mutu wa ndodo yaitali umafika pa mpira ukuthamanga pafupifupi makilomita 180 pa ola. Mphamvu yonseyo imadutsa pa msana wam'munsi, pamwamba pa lamba pomwepa. Tsono malo amenewa anapangidwa kuti aziwerama ndi kuweramuka, kupotoka sakutha kwenikweni. Kupotoka ndi ntchito ya mfundo zolumikiza ntchafu ndi chiuno, komanso msana wam'mwamba wa kuseri kwa chifuwa. Munthu wokhala pampando kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, m'galimoto, muofesi, m'galimotonso, malo awiri amenewa amauma. Akauma, msana wam'munsi ndi umene umasenza ntchito ya eni ake. Zili ngati kufinya chovala chochapa, koma kufinyira mbali imodzimodzi nthawi zonse, chaka ndi chaka. Ululu wa msana wam'munsi ndi dandaulo lalikulu kuposa onse pakati pa osewera gofu, kaya ophunzira kaya akatswiri.

Ngati pali wokayika, aone mbiri ya Tiger Woods, katswiri wa gofu wa ku America. Mu 2008 anapambana mpikisano wa US Open akusewera ndi bondo lamanzere loduka mtsempha komanso fupa la msongolo lili ndi ming'alu iwiri. Mu 2014 anachitidwa opaleshoni yoyamba ya msana, ndipo pofika mu Epulo 2017, ali ndi zaka 41, madokotala anachita kulumikiza mafupa awiri a msana wam'munsi kuti asamayendenso. Anabwerera n'kupambana Masters mu 2019, zoona, koma uyu ndi munthu wokhala ndi madokotala ndi aphunzitsi ake ake. Inu ndi ine tikaphwanya msana chonchi, tikagona pamphasa miyezi.

Chachiwiri ndi chigongono. Mitsempha yomwe imagwira ndi kupinda dzanja imamera pa timafupa tiwiri ta m'mbali mwa chigongono, kena mkati kena kunja. Kugwira ndodo mofinya, kuphatikiza kugwedezeka kwake ikagunda pansi, kumang'amba mitsemphayi pang'onopang'ono. Kwa munthu wamanja, mkono wamanzere ndi umene umatsogola, ndipo nthawi zambiri ndi umene umayamba kupweteka cha kunja kwa chigongono. Ululu wake ndi wonyenga. Pa bwalo umatha thupi likatentha, kenaka umadzabwera mawa lake potsegula chitseko, popereka moni wa dzanja, posintha magiya. Ukaunyalanyaza umatha miyezi yambiri.

Kuno kwathu nkhaniyi imakula m'chilimwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pansi pamauma gwa, ndipo ndodo ikalowa pansi isanafike pa mpira, mphamvu yonse imabwerera m'dzanja. Wina amamva ngati magetsi amugwira mpaka paphewa. Kumenya muzu wobisika mu udzu kapena mwala kungathyole kafupa kakang'ono ka m'chikhatho, cha kumunsi kwa kachala kakang'ono, pomwe pamatsamira mapeto a ndodo. Kafupa kameneka sikaoneka bwino pa X-ray wamba, ndiye munthu akhoza kuuzidwa kuti angobinya pomwe athyoka. Ululu wa pamenepa ukapitirira masabata, bwereraninso kuchipatala mukafotokoze bwinobwino mmene munavulalira.

Palinso phewa, bondo lotsogola lomwe limapotoka thupi lonse litalitsamira, ndi nthiti, zomwe zimatha kuchita ming'alu kwa ophunzira omwe alimbikira kwambiri. Ndipo apa pali chinthu chomwe ambiri sachiganizira. Pa bwalo penipeni munthu savulala kwambiri. Wosewera amene amamaliza maenje onse atamenya mpira ka 100 amamenya mwamphamvu mwina ka 50 kapena 60 pa maola 4, zotsalazo ndi zokankha pang'ono pafupi ndi dzenje, ndipo pakati pake amayenda, amapuma. Koma kumalo oyeserera, munthu yemweyo amatsika m'galimoto ataweruka, thupi lili lozizira, n'kumenya mipira 100 ola lisanathe, yambiri ndi ndodo yaitali ija. Kumeneko ndi komwe misana ndi zigongono zimathera.

Mpira wa miyendo

Kwa ambiri a ife, masewero ndi mpira basi. Tinakulira pa chikulunga, timakangana za Bullets ndi Wanderers, ndipo Lamlungu m'mawa madoda amakumana m'mabwalo a sukulu ku Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Ndirande. Pa kulimbitsa mtima ndi mapapo, mpira umaposa gofu kutalitali. Katswiri amathamanga makilomita pafupifupi 10 pa mphindi 90, ndipo ngakhale mpira wa madoda umakweza mtima kufika pomwe gofu sangaufikitse. Ngati muli ndi ola limodzi lokha pa sabata, ola la mpira limagwira ntchito yambiri kuposa ola la gofu. Ndipo mtengo wake ndi nsapato ndi chopereka cha madzi.

Koma pa ola lililonse losewera, mpira umavulaza anthu ochuluka kwambiri kuposa gofu, ndipo kuvulala kwake n'kwadzidzidzi. Akakolo kubinya, mnofu wa kuseri kwa ntchafu kung'ambika pothamangira mpira, mphechepeche kukokeka, bondo kupotoka phazi litakanirira pansi, mitu kuwombana. Mabwalo athu ambiri ndi a dothi louma, okumbika, ena a timiyala, ndipo mnzanu wokutcherani mwendo naye wachedwa chifukwa thupi silikumveranso monga kale. Kwa amuna a zaka za m'ma 30 ndi 40 osewera kamodzi pa sabata, choopsa china ndi mtsempha waukulu wa kuchidendene. Ukaduka munthu amatembenuka kufuna amene wamumenya kumbuyo, koma kulibe aliyense. Zikatero ndi chikhakha kapena opaleshoni, ndodo zoyendera, ndi miyezi yambiri musanathamangenso. Dalaivala woduka mtsempha umenewu waimitsa ntchito.

Nkhani ya Rory McIlroy imandigwira mtima pa mfundo imeneyi. Mu Julaye 2015 anali nambala wani pa gofu padziko lonse, akukonzekera kukateteza chikho cha The Open ku St Andrews. Anapita kukasewera mpira wa miyendo wocheza ndi anzake, n'kudula mtsempha wa kakolo wamanzere, mpikisano wonse n'kumudutsa. Kumenya mipira ya gofu zikwizikwi sikunamuchotse pa bwalo chaka chimenecho, koma mpira wa masana amodzi.

Sindikunena kuti madoda asiye mpira. Ndikunena kuti wosewera mpira atadutsa zaka 40 azikonzekeretsa thupi mkati mwa sabata, osangotulukira Lamlungu. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha, yosafuna zipangizo zapadera, yomwe kafukufuku waonetsa kuti imachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikamatsatidwa mokhulupirika. Imapezeka pa intaneti mwaulere. Ndipo amene wawombana mutu n'kuchita chizungulire, kusanza kapena kuiwala zomwe zangochitika, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale anene kuti ali bwino.

Ntchemberembaye

Awa ndi masewero omwe anthu amawapeputsa pa nkhani ya kuvulala, mwina poti malamulo ake amaletsa kugundana. Koma malamulo omwewo ndi amene amavutitsa bondo. Wosewera saloledwa kuthamanga ndi mpira, ndiye amayenera kuima nji kuchoka pa liwiro, nthawi zambiri akutera ndi mwendo umodzi, thupi likutembenuka kufuna woti amupatsire masekondi 3 asanathe. Achite zimenezi kwa mphindi 60, pa simenti kapena phula monga mabwalo athu ambiri alili. Akakolo ndi zala ndi zomwe zimavulala kawirikawiri, koma choopsa kwambiri ndi mtsempha wa mkati mwa bondo womwe madokotala amautcha ACL. Akazi amaduka mtsempha umenewu kwambiri kuposa amuna osewera masewero ofanana.

Mwawi Kumwenda, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya 2015 ku Sydney, anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, ndipo anakhala kunja pafupifupi chaka chathunthu. Iye anali ku Australia, m'manja mwa timu yolemera. Mtsikana wovulala chimodzimodzi pa Blantyre Youth Centre kapena pa bwalo la sukulu ali ndi ulendo wautali: kujambulitsa bondo pa makina a MRI, kupeza dokotala wa mafupa wochita opaleshoni yotere, kenaka miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo. Ambiri amangomanga bandeji n'kupitiriza, bondo likugwedera, mpaka litadyeka asanakalambe. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa kuphunzitsa atsikana katerero kabwino, maondo opindika ndi osagwera mkati, sikulira ndalama. Mayi amene anasewerapo ali pasukulu ndipo akufuna kubwerera pa zaka 38, ayambe ndi miyezi iwiri yolimbitsa ntchafu ndi matako asanalowe m'bwalo.

Kuthamanga

Mukadzuka m'mamawa mudzawaona m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, ena okhaokha, ena m'magulu. Kuthamanga kumafanana ndi gofu pa chinthu chimodzi: kuvulala kwake n'kobwera pang'onopang'ono. Kusiyana kwake, gofu amagwira kwambiri kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba, kuthamanga kumagwira kuchokera m'chiuno kupita pansi. Kutsogolo kwa bondo, msongolo, pansi pa chidendene pomwe pamabaya munthu akangoponda pansi podzuka. Gwero lake pafupifupi nthawi zonse ndi kupupuluma, kuwonjezera mtunda thupi lisanazolowere. Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndipo chomwe chimapweteka maondo kwambiri ndi kutsetsereka, osati kukwera. Munthu wonenepa yemwe wangoyamba kumene ayende kaye mwandawala kwa masabata angapo, kenaka azisakaniza kuyenda ndi kuthamanga. Asayang'ane anyamata a mpikisano wa Porters' Race ku Mulanje, omwe amakwera ndi kutsika phiri makilomita oposa 20, chifukwa matupi awo anakulira m'phirimo.

Pali chikhulupiriro chakuti kuthamanga kumatha maondo. Kafukufuku wambiri sakugwirizana nacho kwa anthu othamanga mwapakatikati. Choopsa chenicheni cha wothamanga wa mu Blantyre ndi msewu: maminibasi, njinga zamoto za kabaza, ngalande zosavindikira ndi mdima. Valani chowala, thamangani moyang'anizana ndi magalimoto, ndipo zomvera nyimbo m'makutu muzisiye kunyumba.

Za tenisi ndi squash, masewero omenyetsa kampira kukhoma m'chipinda, ndingonena mwachidule. Zonse ziwiri zimagwira chigongono ndi phewa ngati gofu, n'kuwonjezerapo akakolo, katumba ndi mtsempha wa kuchidendene ngati mpira. Squash amakweza mtima mwadzidzidzi kwambiri, moti munthu wa BP yosalamulirika asayambire pamenepo, ndipo kampira kake kamalowa bwinobwino m'chibowo cha diso, choncho magalasi oteteza ndi ofunika. Kusambira ndiko kofatsa pa mfundo zonse za thupi kupatula phewa, kungoti madamu osambirira ndi ochepa ndipo ambiri ndi olipira. Nkhonya ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko chomwe chili pachiswe ndi ubongo.

Zosachitika kawirikawiri koma zoopsa

Kampira ka gofu kamalemera magalamu osapitirira 46, koma n'kolimba ndipo kakamenyedwa bwino kamachoka pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Kakapeza diso kapena mutu, nkhani yake ndi ya ku Queens. Musaime kutsogolo kwa womenya ngakhale chapambali, makamaka ngati ndi wophunzira, ndipo mukamva anthu akukuwa, phimbani mutu m'malo motukula maso kufuna komwe kakuchokera. Ana amavulala kwambiri ndi ndodo yeniyeniyo, ataima kumbuyo kwa mnzawo amene akuyeserera.

Dzuwa la Okutobala nalo si locheza nalo kwa munthu wokhala panja maola 4. Madzi, chipewa chachikulu ndi kuyamba m'mawa zimathandiza. Koma chomwe ndimaopa kwambiri ndi mphezi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mitambo imasonkhana mofulumira masana, ndipo wosewera gofu amakhala pamtetete, pafupi ndi mitengo italiitali, atanyamula chitsulo. Lee Trevino, mmodzi mwa akatswiri otchuka a ku America, anawombedwa ndi mphezi pa mpikisano mu 1975, napulumuka koma msana wake unafunika opaleshoni pambuyo pake. Mukangomva kugunda, siyani masewero mulowe m'nyumba kapena m'galimoto yotseka. Pansi pa mtengo ndi malo oipa kuposa onse. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Lamulo limeneli ndi la a mpira ndi a ntchemberembaye omwe, omwe kawirikawiri amapitiriza kusewera mvula ya ziphaliwali ikugwa poti chigoli chili pafupi.

Wosenza chikwama

Tikamakamba za kulemera kwa gofu pa thupi, timaiwala munthu amene thupi lake likugwira ntchito yaikulu pa bwalopo. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama. Muwonjezere mipira, ambulera, mabotolo a madzi, jekete ndi nsapato zapadera, katunduyo amafika makilogalamu 10 mpaka 15 mosavuta. Wosenza chikwamayu, yemwe amatchedwa caddie, amasenza zimenezi paphewa limodzi mtunda wonse uja, n'kuwonjezera kulowa m'tchire kukasaka mipira yosochera, ndipo tsiku la mpikisano kapena la anthu ambiri akhoza kuzungulira kawiri. Ambiri ndi aganyu, phewa likatupa palibe sikimu ya chipatala, ndipo tsiku lomwe sanasenze ndi tsiku lopanda ndiwo.

Anthu amenewa amadziwanso gofu kuposa ambiri omwe amawasenzera. Mudzamumva akunena motsitsa mawu, bwana wake atakumba pansi kachitatu: "Bwana, mukulimbana nayo kwambiri. Igwireni mofewa, ndodoyo igwira yokha ntchito." Malangizo amenewo ndi omwenso angapulumutse chigongono cha bwanayo. Ngati mumasewera ndi caddie, tulutsani m'chikwama zomwe simuzigwiritsa ntchito, gulani chikwama cha malamba awiri kapena kangolo kokoka, ndipo pogula madzi muzigula a anthu awiri. Mphezi ikayamba, asatsale panja akulondera zikwama inu muli pakhonde.

Nanga musankhe chiti?

Ngati vuto lanu ndi maondo kapena akakolo, kapena thupi ndi lolemera, kapena mwadutsa zaka 50 musanachitepo masewero kwa nthawi yaitali, gofu wapansi ndi wabwino kuposa mpira ndi ntchemberembaye, ndipo sindikukayika pamenepa. Chotchinga chake ndi thumba: umembala, ndodo, zolipira pa bwalo ndi caddie si za aliyense. Amene sangakwanitse asadandaule, chifukwa kuyenda mwandawala ola limodzi kangapo pa sabata, kapena kukwera Michiru kapena Soche ndi anzanu Loweruka, kumapereka phindu lomwelo popanda kupotokola msana.

Ngati muli kale ndi vuto la msana, makamaka ululu wotsikira m'mwendo, musathamangire gofu poganiza kuti ndi wofatsa. Onanani kaye ndi a mafizo. Mukaloledwa, lipirani mphunzitsi maulendo angapo oyamba, chifukwa kamenyedwe kolakwika n'komwe kamavulaza ophunzira, ndipo chizolowezi choipa chikakhazikika n'chovuta kuchichotsa. Musanamenye mpira woyamba, tengani mphindi 10 kuyenda mwachangu, kuzunguza mapewa ndi chiuno, n'kuyamba ndi ndodo zazifupi. Potola mpira m'dzenje pindani maondo.

Ngati muli ndi zaka za m'ma 20 kapena 30, thupi lili bwino ndipo cholinga ndi kulimbitsa mtima ndi kuchepetsa thupi mwachangu, gofu yekha sakukwanirani. Mpira, ntchemberembaye kapena kuthamanga ndi zomwe zingakupatseni zimenezo, bola muvomere kuti mwayi wovulala mwadzidzidzi ndi waukulu, ndipo muziwerengera ngati ntchito yanu ingapirire miyezi itatu ya ndodo. Munthu wodya za tsiku ndi tsiku, amene mwendo wake ndiye mpamba wake, ndingamulangize kuthamanga kapena kuyenda kusiyana ndi mpira wa pa bwalo lokumbika.

Kaya musankha chiti, kulimbitsa minofu kawiri pa sabata ndi chitetezo chomwe masewero onsewa amafuna. Sizilira jimu. Kunyonyomala ndi kudzuka, kukwera ndi kutsika pa sitepe, kugona chafufumimba n'kudzikweza pa zigongono, kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano. Ndipo wa BP, shuga kapena amene anamvapo kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda, akayezetse kaye asanayambe chilichonse chothamangitsa mtima.

Mukavulala

Chizolowezi chathu munthu akabinya ndi kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita mwamphamvu usiku womwewo. Pa masiku awiri oyamba zimenezi zimangowonjezera kutupa. Ikanipo ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani bandeji mosafinya, ndipo mwendo ukhale pamwamba. Kuthowa kubwere pambuyo, kutupa kutaphwa. Bufeni ndi indosidi zomwe timagula pa golosale zimaziziritsa ululu, koma kumwa masabata ndi masabata, makamaka m'mimba mulibe kanthu, kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo kwa wa BP n'koopsa kwambiri. Kumwa mankhwala kuti mukathe kusewera ndi chigongono chopweteka n'kumene kumasandutsa vuto la masabata awiri kukhala la chaka.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati simukutha kuponda, ngati mfundo yapindika mosakhala bwino, kapena ngati bondo linalira kuti phwa n'kutupa ola lisanathe. Pa msana, zizindikiro zosadikira ndi dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kugwira kapena kutaya mkodzo, ndi mwendo kufooka mpaka phazi kumakokeka pansi. Palinso china chofunika kuno kwathu: msana wopweteka usiku ngakhale mutagona, pamodzi ndi kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, usanamiziridwe gofu kapena mpira. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo ikapezeka msanga imachizika.

A mafizo alipo mu mzinda muno, ku Queens, ku Kachere Rehabilitation Centre ndi m'zipatala zina zolipira, ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa ena chaka ndi chaka. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yawo ndi ya odwala sitiroko okha, koma chigongono cha gofu, kakolo wobinyabinya ndi msana wouma ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Wa gofu amene akuchira abwerere mwa masitepe: sabata yoyamba kukankha mpira pafupi ndi dzenje, kenaka ndodo zazifupi ndi theka la mphamvu, kenaka maenje 9, ndipo ululu ukabwerera mawa lake abwerere sitepe imodzi m'mbuyo kwa sabata ina.